Buku Si Chokulungira Mtedza

Tsiku lina ndinapita ku msika wa ku Mgona kukagula mtedza wokazinga. Mayi wogulitsayo anang'amba pepala m'buku limene linali pambali pake, nalipinda bwinobwino, nathiramo mtedza wanga. Nditatha kudya ndinafunyulula pepalalo, ndipo ndinaona kuti linali tsamba la m'buku la Chichewa la ana oyamba sukulu. Panali chithunzi cha nkhuku ndi anapiye ake, ndi mawu a zilembo zazikulu pansi pake. Mwana wa mayiyo, wa zaka ngati zisanu ndi zitatu, anali pomwepo akusewera ndi timiyala. Ndinamuonetsa tsambalo kuti andiwerengere, koma iye anangowerama, nakanda pansi ndi chala.

Sindikunena izi kuti ndinyoze mayi uja, pakuti anali kufunafuna ufa wa ana ake monga tichitira tonsefe. Mlandu uwu ngwa ife tonse. Buku limene likanatsekula maso a mwana tikulisandutsa chokulungira mtedza, choyatsira mbaula, ngakhalenso chopichirira fodya. Pambuyo pake tidabwa kuti mwanayo wafika Sitandade 4 koma satha kuwerenga dzina la sopo amene tamtuma ku okala.

Ndikulembera inu, abale anga, amene mwaphunzira kuwerenga muli akuluakulu kale m'sukulu za kwacha. Inu mudziwa manyazi a kudinda chala pamene anzanu akulemba maina awo. Mudziwa kuwawa kwa kupereka foni kwa munthu wachilendo kuti akuwerengereni uthenga wa ndalama zanu, kapena kumwa mankhwala a kuchipatala mongoyerekeza. Popeza goli limenelo mwalisenza nokha, palibe wina woposa inu amene ayenera kulichotsa pakhosi pa ana. Koma pali mawu atatu amene ndimamva kawirikawiri m'makwalala mwathu, ndipo ndifuna kutsutsana nawo poyera.

Ena amati, "Imeneyo ndi ntchito ya aphunzitsi." Tiyeni tione ngati nzoona. M'chaka cha 1994 boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chokoma ndithu, koma zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke molingana ndi anawo. M'sukulu zambiri za m'tauni mphunzitsi mmodzi amaimirira pamaso pa ana oposa 100. Tsono werengani nokha: ngati phunziro litenga mphindi makumi atatu, kodi mwana wanu alandirapo mphindi zingati kuti amvedwe akuwerenga? Ngakhale imodzi siikwana. M'chaka cha 2016 boma linayambitsa ndondomeko yophunzitsa ana a m'makalasi oyambirira kuwerenga m'dziko lonse, koma palibe ndondomeko imene ingalowe m'nyumba mwanu madzulo. Mphunzitsi amafesa mbewu. Wopalira ndi kuthirira ndinu. Ndani anaona chimanga chikucha m'munda umene mwini wake sapondamo?

Ena amati, "Mabuku ngodula, ndipo ife ndife amphawi." Umphawi ulipo, sindikana. Ambiri a ku Mgona amadzuka m'mbandakucha kukafuna ganyu ku Kanengo, nabwerera ndi ya ndiwo yokha. Koma mwana woyamba kuwerenga safuna sitolo ya mabuku. Zilembo zatizinga ponseponse: pa thumba la feteleza, pa paketi ya shuga, pa chikwangwani cha minibasi ya ku Area 25, pa khoma la chigayo. Mukamayenda naye mwanayo m'funseni, "Kodi apa alemba chiyani?" Akakhoza muyamikireni. M'nyumba zambiri muli buku la nyimbo kapena buku la mapemphero limene limatuluka m'sutikesi kamodzi pa mlungu. Litulutseni masiku onse. Ndiponso dziko lathu lili ndi bungwe loyang'anira nyumba zobwereketsa mabuku, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1967, ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwe muno. Kodi ndi angati a ife amene tinatengako mwana kukaona khomo lake? Ndalama ya minibasi yopitira ku mpira kapena ku mowa timaipeza.

Amene akayika kuti buku lobwereka lingathandize mwana wa mmphawi amve za William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 makolo ake analephera kumlipirira fizi ya ku sekondale, ndipo anasiya sukulu. M'malo mokhala chabe, iye ankapita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawoko. Kumeneko anapeza buku la Chingerezi lofotokoza za mphamvu ya magetsi. Chingerezicho chinali kumvuta, koma anatsata zithunzi mosatopa. Ali ndi zaka 14 anatola zitsulo zotayidwa, ziwalo za njinga ndi mitengo ya bulugamu, napanga makina oyenda ndi mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Anthu poyamba ankamuyesa wamisala. M'chaka cha 2014 anatsiriza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America. Mnyamata ameneyu sanagule bukulo, ndipo kwawo kunalibe chakudya. Chimene anali nacho ndi mtima wokonda kuwerenga.

Mawu achitatu ndiwo oipa koposa: "Mwana samva popanda chikoti." Ndaona bambo akuimirira ndi kamtengo pamutu pa mwana, namukalipira pa chilembo chilichonse chimene walakwa. Mwana wotere aphunziradi kanthu, koma chimene aphunzira ndicho kuopa buku. Akaliona mtima wake uti phwii, ndipo akakula sadzaligwiranso. Takumbukirani mmene munakondera nthano. Kodi agogo anu anakukwapulani kuti muyankhe kuti "tili tonse"? Iyayi. Munathamangira nokha pamoto chifukwa nkhani ya Kalulu ndi Fisi inali yokoma. Buku nalonso ndi nthano imene inagonekedwa papepala. Mwana akalawa kukoma kwake adzalifuna yekha, monga afunira nzimbe.

Ndipo tisanamizane kuti nkhani zokoma zili m'Chingerezi mokha. Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, buku limene linasindikizidwa m'chaka cha 1933 litapambana mphotho pa mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa. John Gwengwe analemba Sikusinja ndi Gwenembe, ndipo Willie Zingani analemba Njala Bwana. Amenewa ndi anthu athu, olemba za kwathu, m'chinenero chimene mwana anayamwira. Mwana amene wazolowera kuwerenga chinenero cha amake savutika kwambiri pofika pa Chingerezi, pakuti njira yolumikizira zilembo waidziwa kale.

Ndinenepo za ana aakazi. Mnyamata akaweruka ku sukulu timamleka asewere, koma mtsikana timamtuma ku mpopi, kenaka ku msika ndi beseni la mandasi, kenaka kukabereka mwana, kufikira mdima. Tsono tikati atsikana sakhoza m'kalasi, wolakwa ndani? Gawani ntchito mofanana, kuti nayenso apeze kanthawi kokhala pansi ndi buku dzuwa lisanalowe. Kumene kulibe magetsi, khonde ndi kuwala kwa madzulo nzokwanira.

Mwina mukuti mumtima mwanu, "Ine ndimawerenga mododoma, mwana adzandiseka." Asekedi, ndipo inu museke naye pamodzi. Mwana amatsanzira zimene waona, osati zimene wauzidwa. Akaona amake, atatopa ndi ntchito ya tsiku lonse, akutsata mzere ndi chala kufikira atautha, adziwa kuti kuwerenga nchinthu cha mtengo wapatali. Pamene inu mwakakamira iye akuthandizeni, pamene iye wakakamira inu mumthandize. Akulu anati mmera mpoyamba. Mtengo ukakula wokhota palibe angauwongole.

Chotero pempho langa ndi laling'ono. Lero lomwe, nsima isanapse, itanani mwana wanu, mukhale naye pamphasa, muwerenge tsamba limodzi lokha. Mukatha m'funseni zimene wamva, ndipo mumlole afotokoze m'mawu akeake. Mawa muchitenso chomwecho. Buku la sukulu mulikutire ndi pepala lolimba, mulisunge pamalo pouma, kutali ndi chiswe ndi mbaula. Ndipo mukadzagula mtedza ku msika, muyang'ane chimene akukulungirani. Mukapeza kuti ndi tsamba la buku la ana, mulankhule naye wogulitsayo mwaulemu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.