Kanema wa kumunda sajambulidwa kawiri chaka chimodzi

Mlangizi amene akufuna kuonetsa alimi kasamalidwe ka chimanga kuyambira pobzala kufikira pokolola amayenda ndi kamera miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Amajambula mvula yobzalira ikagwa mu Novembala kapena Disembala, amabwerera pa nthawi yopalira ndi kubandira, ndipo amatsiriza mu Meyi ngolo zikututa. Zithunzi za mbozi za ntchemberezandonda zikuboola masamba a chimanga chanthete zikatayika mu Epulo, palibe kokazitenga. Munda wauma, mlimi wataya nthawi yake pachabe, ndipo phunziro lidikira chaka chamawa.

N'chifukwa chake chinthu choyamba kugula pa ntchito yolumikiza kanema ndi hard disk yachiwiri, ngakhale mabungwe ambiri amathamangira kompyuta yodula. Akatswiri amasunga zojambula zawo malo atatu: mu kompyuta, mu disiki yapadera, ndi mu disiki ina yomwe imagona nyumba ina, kuopa akuba, moto ndi denga lodontha. Memory card ya mu kamera siyenera kufufutidwa zojambulazo zisanakoperedwe kawiri ndi kutsegulidwa kuti zioneke ngati zili bwino. Foda iliyonse ilembedwe chaka, mwezi, tsiku, mudzi ndi mbewu, pakuti wogwira ntchito akasamuka, wolowa m'malo mwake sangadziwe chomwe chili mu foda yolembedwa "zatsopano".

Za kompyuta n'zachidule. Ikhale ndi RAM ya 16 GB ndi disiki ya mtundu wa SSD, yomwe ndi yachangu kuposa yakale yozungulira. Kumene magetsi amathimathima, laputopu imaposa kompyuta ya patebulo chifukwa batire lake limapereka mpata wosunga ntchito. Ya patebulo imafuna UPS.

Mapulogalamu ena, monga Adobe Premiere, amalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo bungwe laling'ono lingasowe ndalama zakunja ntchito ili pakati. DaVinci Resolve, ya kampani ya Blackmagic Design ya ku Australia, ili ndi mtundu waulere umene akatswiri enieni amagwiritsa ntchito, koma imalemera pa kompyuta yofooka. Kdenlive ndi Shotcut ndi zaulere ndiponso zopepukirapo, ndipo pa kanema wophunzitsa kupanga manyowa n'zokwanira ndithu. Mapulogalamu akuba ogulitsidwa m'misika kawirikawiri amabwera ndi mavairasi. Kanema akamadukaduka pomulumikiza, mankhwala ake ndi proxy: pulogalamu imapanga timakope topepuka togwirira ntchito, kenako pomaliza imabwerera ku zithunzi zenizeni. Mapulogalamu atatu aulerewa onse amatha kutero.

Pali msampha wina kwa ojambula ndi foni. Magetsi a m'chigawo chino amayenda pa 50 Hz, choncho kanema wojambulidwa m'nyumba pa zithunzi 30 pa sekondi, monga mafoni ambiri amachitira, nthawi zina amaphethira. Kusankha 25, ngati foni ikulola, kumathetsa vutoli. Komanso mafoni amasinthasintha liwiro la zithunzi, zomwe zimachititsa kuti milomo ya mlimi isiyane ndi mawu ake. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imakhazikitsa liwiro limodzi kanemayo asanalumikizidwe.

Koma pamene pagona ntchito yonse ndi pa mawu. Alimi amapirira chithunzi chosawala bwino. Mawu osamveka sawapirira, amayamba kucheza zawo. Maikolofoni yomata pamalaya ndi yotsika mtengo kuposa kamera, ndipo phindu lake n'lalikulu pamunda pamene mphepo ikuomba. Polumikiza, mawu a wofotokoza akhale pa mzere wawo, mawu a alimi pa wina, kulira kwa khasu ndi nkhuku pa wina, nyimbo pa winanso. Akasakanizidwa pamodzi sangalekanitsidwe bwino, ndipo kanema wa Chichewa amene akanathandiza alimi a Chitumbuka, Chiyao, Chibemba kapena Chishona amathera pa chilankhulo chimodzi. Bungwe la Access Agriculture, lomwe linakhazikitsidwa mu 2012, limamasulira makanema ophunzitsa alimi m'zilankhulo zambiri, kuphatikizapo Chichewa, mwa kuika mawu atsopano pa zithunzi zomwezo. Mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi salowa m'malo mwa izi, chifukwa agogo amene amadziwa bwino mundawo mwina sawerenga.

Wolumikiza wophunzira kutauni amakonda kudula msanga monga a nyimbo za pa TV. Mlimi akufuna kuona manja akuyeza mpata wa mapando, ndipo chithunzicho chikhalitse kufikira iye atawerenga yekha mbewu zogwera m'phando.

Potulutsa kanema, kopi imodzi yabwino kwambiri isungidwe, ina ya MP4 pa 720p ikhale yoonetsa pa pulojekita ya batire, ndipo ina yaing'ono ikhale ya WhatsApp ndi ma memory card a alimi. Isanagawidwe, yaing'onoyo iseweredwe pa foni yotsika mtengo, panja, dzuwa likuwala, pamaso pa alimi angapo amene sanaone kujambulako. Aliyense afunsidwe kuti afotokoze zomwe akachite kumunda kwake. Pamene asokoneza, mpamene wolumikiza abwererepo.