Phunziro la mbewa: ubongo wa mwana sudikira

Kwathu kuno mbewa ndi ndiwo. Koma m'malabotale a kunja, mbewa zikuphunzitsa asayansi mmene ubongo umakulira, ndipo phunzirolo likukhudza inu amene mukulera mwana ku Machinga kapena ku Balaka.

Maselo a ubongo amatumizirana mauthenga ngati timagetsi. Mauthenga ena amadzutsa maselo, ena amagwira ntchito ngati mabuleki. Ubongo ukadali wanthete, mabulekiwa amakhala asanakhwime: mankhwala achilengedwe otchedwa GABA, omwe amatontholetsa maselo mwa wamkulu, poyamba amawadzutsa. Mwa mbewa, GABA amayamba kutontholetsa m'masabata awiri oyambirira a moyo.

Kuyambira mu 1994, asayansi akhala akuweta mbewa zokhala ndi Fragile X, vuto lakumtundu lomwe limabweretsa ulumali wa nzeru. Mwa mbewazi kusintha kwa GABA kumachedwa, maselo sachedwa kutekeseka, ndipo tiana take timagwa khunyu tikamva phokoso lalikulu. Mwa mbewa zina, zomwe jini yotchedwa SYNGAP1 ili ndi vuto, maselo amakhwima nthawi isanakwane. Kafukufuku wa mu 2012 adapeza kuti kukonza jiniyi mbewa zitakula kale sikudakonze nzeru zake, ngakhale wina wa mu 2019 adaonetsa kuti zina zimakonzekabe.

Mbewa si mwana, ndipo mankhwala ena omwe adathandiza mbewa adalephera atayesedwa pa anthu. Komabe mfundo ikumveka: ubongo uli ndi nyengo zake, monga mbewu zili ndi nthawi yobzala. M'mera mpoyamba.

Kuno zambiri zovulaza ubongo wa ana n'zopeweka: kubanika pobadwa, chikasu cha makanda, kunyentchera ndi malungo ofika ku ubongo. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe adatuluka mu 2010, adapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse opulumuka malungo oterewa adadzakhala ndi khunyu kapena vuto lina la ubongo.

Ife ogwira ntchito m'zipatala timalandira ana ambiri mochedwa. Mwana wakhala akukomoka chaka chathunthu, abale akulozana zala za ufiti, pomwe mankhwala a khunyu alipo. Kukomoka kotenga nthawi yaitali kumavulaza ubongo womwe ukukula.

Choncho mwana akatentha thupi n'kuyamba kuphupha, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Azigona m'neti. Amalize katemera wa malungo, yemwe Machinga ndi Balaka adali m'gulu la maboma oyamba kulandira mu 2019. Kusikelo musangoyang'ana kulemera kwake: auzeni alangizi a zaumoyo ngati akuchedwa kukhala, kuyenda kapena kulankhula. Muzisewera naye, kumuyimbira ndi kumulankhula.

Ngati mwana wanu ali kale ndi ulumali wa nzeru, musamubise m'nyumba. Ubongo susiya kuphunzira, ndipo sukulu ndi ufulu wake. Mutengereni kuchipatala sabata ino, musadikire kuti akule kaye.