ZIMBABWE: Mfuti zakale za m'mafamu a ku Mashonaland zikadali nkhani yovuta

HARARE – Pamene boma la Zimbabwe lidalengeza mu Ogasiti 2022 kuti aliyense wosunga mfuti popanda chiphaso akaipereke kupolisi ndipo sadzazengedwa mlandu, apolisi adatchula magulu a anthu amene ankawaganizira. Ena mwa iwo adali achibale a anthu omwalira amene adasiya mfuti m'nyumba, eni makampani amene adatsekedwa, anthu a m'migodi komanso alimi. Chikhululukirocho chidayamba pa 8 Ogasiti ndipo chidayenera kutha pa 30 Seputembala. Mfuti zimene zidaperekedwa zidali mazana angapo chabe.

Chiwerengerochi n'chochepa kwa aliyense wodziwa mbiri ya zigawo za Mashonaland, kumene mfuti idakhala mbali ya moyo wa pafamu kwa zaka zambiri. Ndipo pali chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri: zina mwa mfuti zakalezo tsopano ndi katundu wofunidwa ndi anthu otolera zida zakale zankhondo ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa.

Pa 21 Disembala 1972 asilikali a ZANLA adaukira famu ya Altena, pafupi ndi Centenary, m'chigawo chimene lero ndi Mashonaland Central. Kuyambira pamenepo nkhondo yomenyera ufulu idafika pakhomo pa alimi achizungu. Nyumba zidazingidwa ndi mipanda ya waya, mafamu adalumikizidwa ndi apolisi kudzera pa wailesi yotchedwa Agric-Alert, ndipo mlimi ndi mkazi wake ankayenda ndi mfuti ngakhale popita kudimba.

Vuto la boma la Ian Smith lidali kopeza zidazo. Litadzilengezera ufulu pa 11 Novembala 1965, bungwe la United Nations lidaletsa maiko kugulitsa zida ku Rhodesia mu Disembala 1966. Zina zinkalowabe kudzera ku South Africa, koma sizinkakwana, motero timafakitale ta m'dzikomo tidayamba kupanga zathuzathu. Yodziwika kwambiri ndi LDP, mfuti yaifupi ya zipolopolo za 9mm imene idapangidwa ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo anthu adaipatsa dzina loti "Rhuzi" poiyerekeza ndi Uzi ya ku Israel. Yogulitsidwa kwa anthu wamba inkatulutsa chipolopolo chimodzi munthu akakoka kamodzi, kenako n'kudzilowetsera yokha china. Padalinso mfuti ya mtundu wa pistol yotchedwa Mamba, imene idakonzedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 koma zidapangidwa zochepa kwambiri. Asilikali a boma ankanyamula ma pistol a Browning ndi Star, pamene omenyera ufulu adabwera ndi a Tokarev ochokera ku Soviet Union ndi ku China.

Kunena zoona, mfuti zopangidwa ku Rhodesia sizidali zapamwamba, ndipo Mamba idatchuka chifukwa cha zovuta zake. Chimene otolera amafuna ndi kusowa kwake ndi mbiri yake. Mtengo umakwera ngati nambala ya pamfuti sidafufutidwe, utoto ndi womwewo wakale, ndipo ilipo pamodzi ndi chikwama chake cha m'chiuno, magazini osungira zipolopolo ndi kabuku ka malangizo. Mwachidule, wotolera amafuna mfuti yamoyo, yosasinthidwa paliponse. Imeneyo ndiyonso mfuti imene wakuba angaigwiritse ntchito usiku womwewo.

Lamulo la maiko onse silikayika pankhaniyi. Pangano la United Nations la mu 2001 lokhudza mfuti limati mfuti yopangidwa chitadutsa chaka cha 1899 singawerengedwe ngati chinthu chamakedzana chongosungira. Choncho LDP ya m'ma 1970 ndi mfuti ngati ina iliyonse, ndipo ku Zimbabwe woisunga ayenera kukhala ndi chiphaso malinga ndi lamulo la Firearms Act.

Kodi mfutizi zidapita kuti? Dziko litalandira ufulu pa 18 Epulo 1980, azungu ambiri adasamuka ndipo ena adapita nazo. Otsala adazilembetsa kapena adangozitsekera m'makabati. Chisokonezo chachikulu chidadza m'chaka cha 2000 pamene ntchito yolanda mafamu idayamba. Pa 15 Epulo chaka chimenecho mlimi wa kufupi ndi Macheke, David Stevens, adaphedwa, ndipo m'zaka zotsatira ambiri mwa alimi achizungu oposa 4,000 adachoka m'minda yawo, ena atapatsidwa maola ochepa okha. Nyumba zina zidathyoledwa ndi kuberedwa. Mu 2005 apolisi adalamula anthu wamba kupereka mfuti zankhondo monga za mtundu wa FN. Koma kaundula wa mfuti amalemba dzina la munthu ndi malo amene amakhala. Munthuyo akakhala ali ku Australia kapena ku Mkushi m'dziko la Zambia, ndipo famuyo yagawidwa kwa mabanja makumi angapo, cholembedwacho sichithandizanso wapolisi kupeza chilichonse.

Apa m'pamene nkhaniyi imakhudza owerenga athu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mwa anthu pafupifupi 300,000 amene ankagwira ntchito m'mafamu nthawi imeneyo, ambiri adali ana ndi zidzukulu za matchona ochokera m'maiko atatuwa, ndipo m'makomboni a ku Mazowe, Banket ndi Mvurwi Chichewa ndi gule wamkulu sizidali zachilendo. Iwowa ndiwo ankalondera mafamu pankhondo, ali pakati pa bwana ndi omenyera ufulu. Lamulo la unzika la mu 2001 lidasiya ambiri a iwo opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a mu 2013 adazindikira unzika wa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo ndi a m'maiko a SADC. Munthu amene wakhala zaka zambiri akutchedwa mlendo, wopanda chitupa, n'kovuta kuti alowe papolisi atanyamula mfuti imene adaipeza padenga la shedi ya fodya, ngakhale wailesi itamulonjeza chikhululukiro. Akhoza kuikwirira, kapena kuigulitsa kwa woyamba kufunsa.

Chikhululukiro cha mu 2022 chidatsamira pa pangano la SADC loletsa kufala kwa mfuti, limene lidasainidwa mumzinda wa Blantyre pa 14 Ogasiti 2001 ndi kuyamba kugwira ntchito mu Novembala 2004. Panganoli limafuna kuti mfuti zikhale ndi zizindikiro, zilembedwe m'kaundula, ndipo zoperekedwa mwaufulu ziwonongedwe. Otolera amadandaula kuti kutero n'kuwotcha mbiri. Dandauloli lili ndi mfundo, chifukwa mfuti zingapo za mtundu uliwonse zikhoza kusungidwa m'nyumba zosungiramo zakale monga ya asilikali ya ku Gweru. Koma msikawu suli woyera kotheratu. Chidwi pa katundu wa Rhodesia chakula pa intaneti pakati pa azungu atsankho, ndipo Dylann Roof, amene adapha anthu akuda asanu ndi anayi m'tchalitchi ku Charleston mu 2015, adajambulitsa atavala jekete yokhala ndi mbendera ya Rhodesia. Si wotolera aliyense amene ali ndi mtima wotere, komabe n'kosatheka kulekanitsa ndalama za awa ndi za awo.

Dziko la Mozambique lidayesa njira ina. Mu 1995 bungwe la matchalitchi achikhristu m'dzikomo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera, ndipo amisiri adadula zina mwa zidazo n'kupanga ziboliboli, kuphatikizapo mpando umene uli ku British Museum mumzinda wa London. Wopereka mfuti ankakumana ndi anthu a mpingo ndipo ankabwerera kwawo ndi kanthu m'manja. Ku Zimbabwe mu 2022, wopereka mfuti adangolonjezedwa kuti sadzamangidwa, ndipo malo okaiperekera adali papolisi.