Khutu Nalonso Liŵerenge

Chaka ndi chaka, mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 akatha, anyamata ndi atsikana ambiri a m'boma la Nkhotakota amabweza mabuku kwa aphunzitsi ao nabwerera kumudzi. Ena amapitiriza maphunziro, koma ochuluka amatsikira kunyanja kukakoka makoka, ena amaloŵa m'minda ya mpunga ku Bua, enanso amakafuna ganyu ku nzimbe za ku Dwangwa. Pakapita zaka ziŵiri kapena zitatu, munthu amene ankaŵerenga ndime yathunthu mosadodoma amayamba kugwira pepala ngati mlendo. Sikuti nzeru zamuthaŵa ai. Buku lidasoŵa, ndipo ngakhale likadapezeka, manja ndi maso zili pa ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka dzuŵa kuloŵa. Chiwalo chimodzi chokha ndicho chimakhala ndi mpata tsiku lonse, ndipo chiwalocho ndi khutu.

Nchifukwa chake nkhani ya mabuku olankhula iyenera kuganiziridwa mofatsa ndi aphunzitsi pamodzi ndi onse otsiriza sukulu. Buku lolankhula ndi buku lomwe munthu wina adaliŵerenga mokweza, mau ake najambulidwa, kuti wina aliyense azilimvera pa nthaŵi imene afuna. Nzeru imeneyi si yatsopano. Thomas Edison atapanga makina ake osunga mau m'chaka cha 1877, adalemba mndandanda wa ntchito zimene makinawo angadzagwire, ndipo imodzi mwa izo idali yoŵerengera mabuku anthu osaona. Zidatenga zaka zoposa makumi asanu kuti zimenezi zichitike. Ku America mabuku otere adayamba kutuluka pa mbale za galamafoni mu 1934, ndipo ku Britain adayamba mu 1935, makamaka pofuna kuthandiza asilikali amene adachita khungu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Buku limodzi linkadzaza mbale zambirimbiri zolemera. Kaseti itafika mu 1963 katunduyo adapepuka, ndipo lero buku lonse limakwana m'kakhadi kochepa ngati chikhadabo, kamene kamaloŵa m'foni kapena m'kawailesi ka m'manja.

Makadi otereŵa ali kale m'matumba a achinyamata a ku Nkhotakota. Pa msika uliwonse wa m'mbali mwa mseu wa kunyanja pali kanyumba kamene mnyamata wokhala ndi kompyuta amaloŵetsamo nyimbo ndi makanema pa mtengo wochepa. Njira yofikitsira mau kwa anthu idalambulidwa kale. Chimene sichidaloŵemo ndi buku.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja safunika kuuzidwa kuti nzeru zimatha kuloŵera m'khutu. Kalekale kusanabwere sileti, ana ankaphunzira mwambo pa nthano za madzulo, ndipo wosimba akati "Padangokhala", omvera onse ankayankha kuti "Tili tonse". Yankho limeneli lidali ndi ntchito yake. Linkaonetsa wosimbayo kuti palibe amene wagona, ndipo mwana woleka kuyankha ankadziŵika msanga. Kuchokera m'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika pa Nkhotakota, Chisilamu chidazika mizu m'derali, ndipo kufikira lero ana a ku madrasa amaphunzira Korani pomvera mphunzitsi ndi kubwereza pambuyo pake mpaka mau akhazikike. Amishoni a Anglican atatsegula mishoni yao pa Nkhotakota mu 1894, nawonso adadalira kuŵerenga mokweza, popeza ambiri mwa oloŵa m'tchalitchi sankadziŵa zilembo. Pambuyo pake wailesi ya MBC, imene idakhazikitsidwa mu 1964, idasonkhanitsa mabanja kuti amvere Kapalepale ndi Pamajiga, ndipo kuyambira mu 2003 bomali lili ndi wailesi yakeyake, Nkhotakota Community Radio.

Ngakhale a zamaphunziro adayesapo njirayi. Mu 2008 pologalamu ya Tikwere idayamba kumveka pa wailesi m'makalasi oyambirira a pulaimale, ndipo mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, boma lidathamangira ku wailesi komweko kuti ana asaiŵaliretu maphunziro. Chodandaulitsa nchakuti khutu limakumbukiridwa pa nthaŵi ya mavuto, ndipo mavutowo akatha limaiŵalikanso.

Chicheŵa chimasiyanitsa bwino zinthu zimene sukulu zambiri zimazisokoneza. Pali kumva, pali kumvetsera, pali kumvetsa, ndiponso pali kumvera m'lingaliro la kugonjera akulu. Munthu amamva mkokomo wa mafunde ngakhale asafune. Kumvetsera kumafuna kuti munthu atchere khutu mwadala, ndipo kumvetsa kumadza pamene wagwira mutu wa nkhani, natha kuifotokozanso m'mau akeake. Tsono m'kalasi la ana oposa 100, monga alili makalasi ambiri a pulaimale, mphunzitsi wotopa amakondwa akaona ana ali chete, nayesa kuti akumvetsera. Kaŵirikaŵiri anawo amangokhala akumvera lamulo loti asachite phokoso, maganizo ali ku doko. Kukhala chete kumalamulidwa ndi ndodo, koma kumvetsera kumaphunzitsidwa monga m'mene amaphunzitsira kulemba, pang'onopang'ono ndiponso tsiku ndi tsiku.

Akatswiri aŵiri a za kaŵerengedwe, Philip Gough ndi William Tunmer, adafotokoza mu 1986 kuti kumvetsa zolembedwa kumaima pa miyendo iŵiri. Mwendo woyamba ndi luso lozindikira zilembo ndi kuzisandutsa mau. Wachiŵiri ndi luso lomvetsa chilankhulo pochimva. Umodzi ukathyoka, winawo sungayende wokha. Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 4 adakumanapo ndi mwana amene amatchula mau onse a m'ndime molondola, koma akafunsidwa kuti nkhaniyo ikunena chiyani amangoyang'ana kudenga. Mwana wotere sasoŵa zilembo. Amasoŵa mau ochuluka m'mutu mwake, sadazoloŵere ziganizo zazitali, ndipo sadaphunzire kusunga chiyambi cha nkhani mpaka amve mathero ake. Zonsezi zimakula pomvera nkhani zoŵerengedwa bwino, ndipo zimatha kukula mwana asanathe nkomwe kuŵerenga yekha.

Palinso china chimene chimakhudza Chicheŵa makamaka. Chilankhulochi chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, koma kalembedwe kake sikaonetsa zimenezi. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa usipa pa msika zimalembedwa chimodzimodzi, chonsecho zimatchulidwa mosiyana. Nchimodzimodzinso khungu la pathupi ndi khungu la maso. Pepala silinena kuti liwu likwere pati. Amanena ndi munthu woŵerenga mwaluso, ndipo mwana amene wamva ndime ikuŵerengedwa bwino amaigwira msanga akaiona yolembedwa. Phindu lomweli lilipo pa Chingerezi, chimene kalembedwe kake ndi katchulidwe kake zimatalikirana kwambiri. Wophunzira wa ku Dwambazi amene kunyumba amalankhula Chitonga, kusukulu Chicheŵa, ndipo mayeso ake ambiri amalemba m'Chingerezi, amapindula kwambiri akamatsatira buku ndi chala uku akumva m'mene mauwo amatchulidwira.

Kwa amene adatsiriza sukulu, luso la kumvetsera limakhudza moyo weniweni. M'miyezi yozizira, a zanyengo akachenjeza pa wailesi za mphepo ya Mwera, msodzi amene wamvetsa tsiku ndi dera lotchulidwa amasiya bwato lake pa mtunda, pamene amene wangomva mwapatalipatali amapalasa kuloŵa m'ngozi. Mai amene wauzidwa ku chipatala kamwedwe ka mankhwala a malungo a mwana wake alibe nthaŵi yofunsa kaŵiri, chifukwa mzere kumbuyo kwake ngwautali. Mlangizi wa zaulimi sabwereza muyeso wa feteleza kwa mlimi aliyense payekha. Wofunsira ntchito amene wayankha funso lomwe sadafunsidwe amabwerera chimanjamanja, ngakhale satifiketi yake ikhale yokongola chotani. Munthu wozoloŵera kutsata nkhani yaitali ndi khutu amakhala wokonzeka pa zonsezi. Ndipo mpata wozoloŵera ulipo wambiri: posoka ukonde pa mchenga, poyanika usipa pa thandala, posenda chinangwa cha kondoole, popirikitsa mbalame m'munda wa mpunga.

Ena adzanena kuti kumvera buku ndi ulesi, ndipo kuti ana akazoloŵera adzaleka kuŵerenga. Nkhaŵa imeneyi ili ndi mbali yake yoona, ndipo siyenera kunyozedwa. Khutu siliphunzitsa kalembedwe ka mau. Masamu, mapu ndi zithunzi za sayansi zimafuna diso. Mayeso a MANEB amalembedwa ndi cholembera, ndipo mwana wa Sitandade 1 ayenera kulimbana ndi zilembo yekha, palibe womuchitira. Nkoonanso kuti maganizo a womvera amasokera msanga, makamaka ntchito ya m'manja ikakhala yofuna nzeru. Komabe otsutsaŵa amalankhula ngati kuti mnyamata wa ku Chia ali ndi mabuku odzaza shelefu ndipo akungoŵakana. Zoona zake nzakuti iye akusankha pakati pa buku lomvera ndi kukhala wopanda buku konse. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa Amalaŵi 100 alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo, pafupifupi 69 ndiwo amadziŵa kulemba ndi kuŵerenga. Otsalawo, pamodzi ndi osaona ndi okalamba amene maso ao adachita chidima, nawonso ngoyenera kudziŵa zimene zili m'mabuku.

Vuto lalikulu nlakuti zoti anthu amvere m'Chicheŵa nzochepa. Wodziŵa Chingerezi angapeze mabuku zikwizikwi aulere pa LibriVox, imene idayamba mu 2005 ndipo oŵerenga ake ndi anthu wamba ongodzipereka. Wa Chicheŵa amapeza Baibulo, limene lidajambulidwa kale ndipo limamveka pa mafoni, kuonjezerapo maulaliki ndi ndakatulo za alakatuli a masiku ano. A mipingo ayenera kuyamikiridwa chifukwa adaona patali. Koma nanga Nthondo wa Samuel Nthara, amene adatuluka mu 1933? Nanga Kukula ndi Mwambo wa John Gwengwe, Ntchito ya Pakamwa ya E. J. Chadza, kapena Njala Bwana wa Willie Zingani? Mabuku ameneŵa adalera mibadwo ya ophunzira, ndipo Chicheŵa chake chimakoma koposa chikamveka m'kamwa mwa munthu, koma achinyamata ambiri a lero sadaŵagwirepo nkomwe.

Ntchito yoŵajambula siifuna chuma chochuluka. Imafuna chipinda chopanda phokoso, foni yojambula bwino, ndi munthu wodziŵa kupuma pamene pali mpumiro. Chimene siyenera kulumpha ndi lamulo. Buku lili ndi mwini wake, ndipo lamulo la umwini wa zolemba la mu 2016 limateteza mlembi ndi wosindikiza. Wofuna kujambula buku la wina ayambe wapempha chilolezo, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuti liwongolere zotere. Kwa anthu osaona khomo lidatseguka kwambiri, popeza mu 2017 Malaŵi adaloŵa m'pangano la ku Marrakesh la mu 2013, limene limalola kuti mabuku asandutsidwe m'njira zoti osaona athe kuŵagwiritsa ntchito. Osindikiza nawonso aganizepo bwino. Buku limene lidaleka kusindikizidwa zaka makumi atatu zapitazo silipindulira mlembi kapena ana ake kanthu likamangodyedwa ndi chiswe m'nyumba yosungira katundu.

Pali zambiri zimene sizilira chilolezo cha ku ofesi iliyonse koma cha eni ake okha. Agogo a ku Linga, ku Sani ndi ku Benga akusunga nthano, mbiri ya mafumu, maina a mphepo za pa nyanja ndi a nsomba zimene zikusoŵa. Wotsiriza Fomu 4 amene akudikira zotsatira za mayeso angathe kukhala nawo pansi, kupempha mwaulemu, kujambula, kenaka nkulemba zimene wajambulazo. Potero adzakhala akunola khutu ndi cholembera nthaŵi imodzi, ndipo sukulu ya kwao idzapeza zomvera ndi zoŵerenga zochokera m'mudzi momwemo.

Mphunzitsi amene alibe foni kapena wailesi asadziyese wotsalira, pakuti buku lolankhula loyamba m'kalasi ndi iye mwini. Apatule mphindi khumi tsiku lililonse, atseketse makope, aŵerenge mutu umodzi wa nkhani yokoma, ndipo alekezere pamene yafika pokoma. Asanayambe auze ana chinthu chimodzi choti achitchere khutu. Akatha, asafunse kuti "Mwamva?", chifukwa kalasi lonse lidzavomera m'chigulugulu. Aloze mwana mmodzi wa kumbuyo kuti afotokoze zimene zachitika, wachiŵiri akonze pamene mnzake waphonya, ndipo wachitatu anene zimene akuganiza kuti zidzachitika maŵa.