Kuthamanga si kufika

M'misewu ya Kempton Park, Germiston, Benoni ndi Boksburg, m'dera la Ekurhuleni kum'mawa kwa Johannesburg, njinga zamoto zosenza mabokosi kumbuyo zili ponseponse. Chiyambire ntchito yoperekera chakudya ndi katundu m'makomo, monga ya Uber Eats mu 2016 ndi Checkers Sixty60 mu 2019, anyamata ambiri ochokera m'mayiko oyandikana, kuphatikizapo Malawi, apeza pogwira. Ndalama zimene amatumiza kumudzi ndi zomwe zikugula feteleza ndi kulipira sukulu.

Vuto n'lakuti ambiri mwa iwo anaphunzirira njinga pabwalo la mpira, mnzawo atawasonyeza giya kwa tsiku limodzi. Munthu wotere amadziwa kuyendetsa, koma sadziwa kuima. Apa ndi pamene pagona phindu la maphunziro a oyamba kumene.

Malamulo a dziko la South Africa ndi omveka. Wophunzira amayamba walemba mayeso a malamulo ndi zizindikiro za pamsewu kuti apeze chiphaso chophunzirira, ndipo ndi chiphasochi saloledwa kunyamula munthu. Chiphaso cha A1 ndi cha njinga zosapitirira 125cc ndipo chimaperekedwa kuyambira zaka 16, pamene cha A ndi cha njinga zazikulu, kuyambira zaka 18. Mayeso oyendetsa, otchedwa K53, amachitikira pabwalo lotetezedwa. Mwa zina, woyesedwa amanyamuka pachitunda osabwerera m'mbuyo, amaima mwadzidzidzi ndiponso amazemba chopinga.

Mphunzitsi wabwino amayamba ndi kuchotsa mantha a buleki ya kutsogolo. Odziphunzitsa okha amaiopa poganiza kuti iwagwetsa, motero amangoponda ya kumbuyo, tayala n'kuterereka. Chonsecho mphamvu yochuluka yoimitsa njinga ili kutsogolo. Chinsinsi ndi kufinya pang'onopang'ono, osati kutswanya, ndi kugwiritsa ntchito mabuleki onse awiri. Wophunzira amazoloweretsedwanso kuyang'ana kumene akufuna kupita, chifukwa njinga imatsata maso: woyang'anitsitsa dzenje amagwera m'dzenjemo.

Luso limeneli limafunika tsiku lililonse ku Ekurhuleni, kumene maminibasi amaima paliponse pakakhala wokwera, ndipo mvula ya mabingu ya masana imasandutsa phula kukhala thelele. Lamulo limafuna kuti nyali ya njinga iziyaka usana womwe, ndipo chisoti chizivalidwa chomangidwa bwino pachibwano. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2018 linati chisoti chovalidwa moyenera chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 pa 100, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 pa 100.

Ena amadandaula kuti maphunziro amadya ndalama ndi masiku ogwira ntchito. N'zoona. Koma banja limene linasonkhapo ndalama zobweretsera maliro kuchokera ku Joni likudziwa mtengo umene uli waukulu.

Phunziroli silikuthera ku Ekurhuleni. Likukhudzanso wa kabaza wa pa Lunzu, mlangizi wa zaulimi woyendera makalabu, ndi mlimi amene wagula njinga atagulitsa soya. Makolo otsanzikana ndi mwana wopita ku Joni achita bwino kumulangiza kuti ndalama zake zoyamba zipite ku maphunziro, chiphaso ndi chisoti. Feteleza akhoza kudikira mwezi umodzi.