Botolo la pulasitiki nalo alipatse dipoziti

Sabata yatha ndidabisala mvula pa benchi ya mayi wina wogulitsa thobwa. Posakhalitsa kudatulukira kamnyamata, thumba la feteleza kumsana, nkukhuthula mabotolo a pulasitiki pansi. Mayi aja adayamba kusankha ngati akusankha tomato: ili lilibe chitsekero, ili adaliponda, ili likununkha palafini. Adatenga ochepa nkumupatsa timakobili take. Otsalawo mnyamatayo sadavutike nawo, adangowakankhira mu ngalande ndi phazi, ulendo.

Nditamufunsa chifukwa, adandiyang'ana ngati ndine wozerezeka, amvekere ophwanyikawo sagula munthu. Ndipo sadaname.

Inu a pamsika mukudziwa bwino kuti botolo la galasi silionekaoneka mu ngalande. Tonse tidatumidwako ku golosale kukagula Fanta, botolo lopanda kanthu lili m'manja, amayi akukuwa kuti uligwiritse. Ukaliswa panjira umadziwiratu kuti kunyumba kuli mkwapulo. Sikuti makolo athu adali okonda chilengedwe kuposa ife ayi. Botololo lidali ndalama. Ukapanda kubwera nalo umasiya dipoziti, ukalibweza amakubwezera. A golosale nawo kireti yosakwana mabotolo imawadula m'thumba.

Tsono kudabwera pulasitiki, akuti imwa utaye. Tikutayadi. Pitani mukaone mtsinje wa Mudi ku Blantyre kapena pansi pa mlatho wa Lilongwe mvula yoyamba ikagwa. Mabotolo amatseka ngalande, madzi nkubwerera kudzalowa m'mabenchi, nyemba ndi usipa nkunyowa. A khonsolo akabwera, chala chimaloza inu: mavenda uve! Chonsecho tikiti mumadula tsiku ndi tsiku. Amene adapanga botololo nkudyapo phindu ali phee mu ofesi, palibe amawafunsa.

Anzathu kunja nzeru ya dipoziti yomweyi adangoiwonjezera. Chigawo cha Oregon ku America chidakhazikitsa lamulo mu 1971 loti chitini ndi botolo la zakumwa zikhale ndi dipoziti ya masenti 5. Ataona kuti anthu ayamba ulesi wobweza, mu 2017 adaikweza kufika pa masenti 10. Kumeneko kuli malo ake enieni olandirira mabotolo: umapita ndi thumba lako, amawerenga, nkukupatsa ndalama. Ku Germany dipoziti ya mabotolo a pulasitiki ndi zitini idayamba mu 2003, ndipo lero ndi masenti 25 pa limodzi. M'masitolo muli makina, umaponyamo botolo, makinawo nkulavula kalisiti kokatengera ndalama pa kauntala. Mwa mabotolo 10 aliwonse, oposa 9 amabwerera. Munthu waulesi amaimika lake pambali pa bini kuti wotola adzalipeze osapisa dzanja m'zinyalala.

Mudzati amenewo ndi azungu, ali ndi makina. Chabwino, funsani abale athu a ku Joni. Adzakuuzani za anthu okoka ngolo m'misewu ya Johannesburg m'bandakucha, matumba akuluakulu odzaza mabotolo ndi zitini, kukagulitsa pa sikelo. Kumeneko kampani ya Collect-a-Can idayamba kugula zitini mu 1993. Ilo si dipoziti, ndi malonda a pa kilo, komabe chofunika ndi malo, sikelo ndi munthu wa ndalama m'manja. Kwathu kuno zitini za aluminiyamu sizigonera pamtaya chifukwa a sikirapu ndi osungunula mapoto amazifuna. Latsala lamasiye ndi botolo lophwanyika lija.

Ndikudziwa kuti amayi a thobwa, a madzi ozizira ndi oyeza mafuta ophikira mwayamba kale kundiyang'ana ndi diso lofiira. Mukuti dipoziti ikabwera, botolo limene timagula motchipa kwa ana otola likwera mtengo. Zoona, likwera, sindikunamizani. Mwana sangakugulitseni motsika pomwe kudepoti akumupatsa zambiri. Koma ndalama imeneyo siyotayika. Kasitomala akamwera pompo, botolo latsala ndi inu. Akafuna kupita nalo, muonjezereni ya botolo, monga a golosale amachitira ndi la galasi. Likatha ntchito, laphwanyika, mukalisiya kudepoti nkulandira ndalama yanu. Lero likaphwanyika mwaluza basi.

Palinso nkhani ina imene sitikonda kuikamba mokweza. Botolo limene mwana watola, walitola kuti? Ena m'mabini a m'maofesi, inde, koma ena mu ngalande yomweyo imene anthu amataya madzi usiku. Ambiri mwa inu mumatsuka ndi sopo ndi madzi otentha, ndimaona. Koma si onse, ndipo mpopi ukauma masiku atatu ngakhale waukhondo amangotsukuluza. Kolera ya 2022 mpaka 2023 idatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Sindikunena kuti adapita ndi thobwa ayi, koma a zaumoyo akayamba kuletsa zakudya za pamsika amayambira pa inu. Botolo lokhala ndi mtengo munthu amalisunga kukhitchini, silifika kumtaya.

Vuto ndi loti a mafakitale sangayambe okha, ndi ndalama kwa iwo kutolera zinyalala zawo. Tidaona pa nkhani ya majumbo opyapyala: boma lidaletsa mu 2015, iwo nkuthamangira kukhoti, mpaka khoti la Supreme lidagamula mu 2019 kuti chiletsocho nchovomerezeka, koma majumbowo adapitirirabe kupezeka m'misika. Ndiye za dipotizi musayembekeze kuti zigwa kumwamba.

Makomiti a m'misika, khansala akadzabwera ndi nkhani ya tsiku losesa, tsache landirani, koma mumufunse kuti malo ogulira mabotolo pamsika pano adzakhala pati, ndipo a makampani a zakumwa aikapo zingati. Ine tsiku lija mvula itakata ndidachoka nsapato zili m'manja, madzi a mu ngalande ija atafika kale pa benchi ya mayi a thobwa.