Cikomekome ca Mkuyu

Kale munthu wolemba buku la Cinyanja anali ndi makomo owerengeka ogogodapo: kumishoni, monga ku Nkhoma, kapena ku Publications Bureau ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1948. Kumeneko zolemba zace zinkagwa m'manja mwa akonzi osadziwa cifundo, ndipo zinkabwerako zitafiira ndi inki. Lero aliyense wokhala ndi kompyuta ndi tindalama pang'ono angathe kusindikiza yekha buku lace ku Lusaka kapena ku Chipata. Ici ncabwino ndithu, pakuti pali nzeru zambiri zimene zinafera m'mabokosi cifukwa ca kusowa wozibvomereza. Coipa ndi njira zimene ena atsata pofuna kuti anthu awayese alembi eni-eni.

Mlembi wotere ayamba ndi cikuto conyezimira, naikapo cithunzi cace atabvala suti. Kumbuyo kwa buku kuli mau oyamikira a mlamu wace ndi a mbusa wace, amene sanawerengeko ngakhale mutu umodzi. Kenaka abwereka holo, aitana mlendo wolemekezeka, ndipo alendo apikisana kugula buku loyamba pa mtengo wa mbuzi. Ndalama zonse zathera pamenepo. Ya mkonzi palibe. Tsono wowerenga akatsegula apeza liu limodzi lalembedwa mitundu itatu pa tsamba limodzi, ndipo munthu amene anaikidwa m'manda m'mutu wacinai akudya nsima m'mutu wacisanu ndi cimodzi. Ndico cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena adzati, kodi kudzitama pang'ono kuli ndi cifukwa, popeza ngakhale alembi omveka anatero? Nzoona. Walt Whitman wa ku America anasindikiza yekha Leaves of Grass ku Brooklyn m'caka ca 1855, mabuku osakwana 800. Analemba yekha nkhani zotama bukulo m'manyuzipepala osachula dzina lace, ndipo kalata yomyamikira imene Ralph Waldo Emerson anamlembera mwamseri anaiulutsa osapempha, naikanso mau ace ena pa msana wa buku la 1856 ndi zilembo zagolide. Koma macenjera onsewa sanagulitse mabuku ambiri. Cimene cinamkweza Whitman ndi cakuti ndakatulo zace zinali ndi moyo, ndipo iye anakhala akuzikonza ndi kuzionjezera kufikira imfa yace m'caka ca 1892. Wofuna kutengera bodza la Whitman ayambe watengera zaka 37 za thukutazo.

Citsanzo coposa ndi ca Beatrix Potter wa ku England. Osindikiza angapo atakana kankhani kace ka kalulu, The Tale of Peter Rabbit, iye anasindikiza ndi ndalama zace mabuku 250 m'mwezi wa December 1901. Sanadzipatse maina aulemu. Anasamala kuti kabukuko kakhale kakang'ono kokwana m'manja mwa mwana, ndi ka mtengo wocepa. Mabukuwo anatha msanga, nasindikizanso 200. Pamene a Frederick Warne, amene anali atamkana poyamba, anafuna kuti zithunzi zikhale za mitundu-mitundu ndi kuti zina zicotsedwe, iye anabvomera kubwereza nchitoyo, ndipo buku lawo linaturuka mu October 1902. Anali atatsimikiza kale kuti buku lace ligulika, komabe sanakane kudzudzulidwa.

Pamenepa ndi pamene alembi ambiri akhumudwa. Ayesa kuti kulola wina kukonza mau ao nkudzicepetsa, ngati kuti mutu umodzi unasenzapo denga. Kalaliki wa m'boma adziwa kuti kalata ya mizere isanu siituruka mu ofesi wamkuru asanaione; nanga buku la masamba 200 lituruke bwanji litaonedwa ndi mwini wace yekha? Diso la mlembi liwerenga zimene ziri mumtima mwace, osati zimene ziri papepala. Mphunzitsi wopuma wodziwa bwino cinenero, wolipidwa moyenera ndi wololedwa kunena zowawa, aposa alendo olemekezeka khumi.

Zotsalazo nzazing'ono, koma wogulitsa mabuku ndi wosunga laibulale aziyang'ana asanawerenge mzere uliwonse: caka cosindikizira, dzina ndi keyala ya wosindikiza, ndi nambala ya ISBN, imene kuyambira 2007 iri ndi manambala 13. Lamulo la Zambia lifunanso kuti buku limodzi liperekedwe ku National Archives ku Lusaka. Zonsezi mtengo wace sufika pa wa zakumwa za tsiku la phwando, koma ndizo zimene mlembi wa suti uja aziiwala, kufikira tsiku limene mwini sitolo atembenuza bukulo kawiri, nalibweza pa tebulo.